A Miss Odessa, Mayi Amene Anagonetsa Wojambula Chafufumimba

Sabata ino chakwana chaka chimwalirireni a Miss Odessa, ndipo kunyumba kwanga kuno ku South Bend tachita zimene timachita tikawasowa. Taika vidiyo ya chinkhoswe cha mwana wanga Tadala, n'kuseka mpaka nthiti kuwawa. Mlendo atatipeza akhoza kunena kuti tapenga, kukumbukira womwalira ndi phwete. Koma mayi amenewa anatsala pang'ono kuphwasula ukwati wa mwana wanga, ndipo ndi omwewonso amene anaupulumutsa ndi ndodo yawo yoyendera. Ndiye ndisiyeni ndikuuzeni za iwo.

Ndinawadziwira pa ntchito. Ine ndimasamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo kampani inanditumiza kwa mayi wina wachikuda wa konkuno ku America, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi, wokhala yekha m'kanyumba kanjerwa kufupi ndi mtsinje. Mnzanga amene ankagwirako poyamba anandichenjeza kuti, "Esnart, kumeneko ndiye ukaziwona. Mayi aja amati ankasewera m'mafilimu. Uzikangovomera, mutu unayamba kuzungulira."

Kuzungulira? Bodza lenileni! Mutu umenewo unali wakuthwa kuposa wanga ndi wa mnzangayo kuphatikiza.

Tsiku loyamba ndinagogoda mpaka zala kuuma, kunja kukuzizira kwadzaoneni. Pambuyo pake ndinadzadziwa kuti ankandimva bwinobwino, koma ankapaka kaye zofiira m'milomo, poti sankatsegulira munthu chitseko asanadzikonze, ngakhale wobweretsa makalata. Atatsegula ndinaona kamayi kakafupi, kowongoka ngati nsungwi, chipewa chili pambali. Ine ndi ulemu wanga wa kwathu ndinawatchula kuti agogo. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, n'kundiuza kuti iwo sanaberekepo mwana, ndiye sakudziwa kuti mdzukulu wamkulu chonchi wachokera kuti. Dzina lawo ndi Miss Odessa, basi.

Zimenezo zinali zochepa. Itakwana nthawi ya mankhwala, ndinatunga madzi m'kapu, ndinafika pamene anakhala, n'kugwada monga mmene mayi anga anandiphunzitsira ku Ntcheu. Mayo ine! Ndodo inagunda pansi kuti gu! Kapu inatsala pang'ono kundipulumuka.

"Imirira!" anakuwa m'Chingerezi chawo chokoka chija. "M'nyumba mwanga muno mkazi wakuda sagwada. Wamva? Imirira, utuluke, ulowenso ngati munthu!"

Ndinatulukadi, n'kulowanso. Anati mapewa agwa, ndibwererenso. Ndinalowanso. Anati chibwano chili pansi. Abale inu, ine mayi wamkulu wa mwana wa ku yunivesite, kulowa ndi kutuluka pabalaza la eni ndi kapu ya madzi m'manja! Nditalowa mowakhutiritsa anaomba m'manja kamodzi, n'kumwa mankhwala awo ngati palibe chachitika. Madzulo amenewo ndinalumbira kuti sindidzabwererako. M'mawa mwake ndinalawirira, chifukwa ndinkafuna kudziwa kuti mayi amenewa ndi ndani kwenikweni.

Anabadwira ku Indianapolis, kwa bambo wometa tsitsi ndi mayi wochapa zovala za azungu. Masiku amenewo munthu wakuda akalowa m'nyumba ya kanema ankamukhazika kwayekha, ndipo akaona wa khungu lake pa chinsalu, ankakhala wosesa kapena chitsiru chotong'ola maso. Ndiye panapezeka anthu akuda ena olimba mtima amene anayamba kupanga mafilimu awoawo, osadalira makampani akuluakulu. Mmodzi wa iwo anamva a Odessa akuimba kutchalitchi ali namwali, n'kukapempha kwa makolo kuti apite nawo ku Chicago. Bambo awo anakana. Mayi awo anawasokera madiresi mobisa n'kukawakweza sitima.

Akayamba kusimba za nthawi imeneyo, nkhope yonse inkayaka. Anasewerapo ngati mphunzitsi, ngati mkazi wa dokotala, ngati mtsikana wolanda amuna a eni, ndipo womalizayu ndi amene ankamunyadira kwambiri, chifukwa amayi ena anawalalatira pamsewu poganiza kuti n'zenizeni. Zovala ankabweretsa zawo. Nyumba yojambuliramo inali yobwereka, kawirikawiri ya mkulu wina wokonza maliro, poti ndi amene anali ndi mipando yabwino, ndipo kukabwera ofedwa onse ankathawira kukhitchini ndi kamera yawo. Filimu ikatha, mwini wake ankaiika kumbuyo kwa galimoto n'kumazungulira nayo m'matauni, kuionetsa m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'nyumba za kanema za anthu akuda. Ankati anthu ankaimirira m'mipando poona munthu wawo atavala suti, akulamula, akukondedwa.

Panali lamulo limodzi limene anachoka nalo kumeneko n'kukafika nalo kumanda. Ankati kuyeserera n'kwaulere, yeserera mpaka utope, koma kamera ikangoyamba ndi kamodzi basi, chifukwa filimu yojambulira inali yodula ndipo panalibe yotaya. Galu akalowa pakati pa sewero, galuyo ndiye kuti wasewera nawo. Tsiku lina anamenya mnzawo mbama yeniyeni mpaka chipewa kuuluka, ndipo zinapita choncho kwa anthu. Ndiye ngakhale m'nyumba sankabwereza mawu. Ukati, "Mwati bwanji?" ankangokuyang'ana, chako chapita.

Pabalaza pawo, pafupi ndi zenera la kumadzulo, panali tepi yomata yoikidwa mopingasa pansi. Ine ndi changu changa chokolopa ndinayamba kuimatula, ndipo ndodo inaliranso. Chimenecho chinali chizindikiro chawo. Pojambula ankalemba pansi pamene wosewera ayenera kuima kuti kuwala kumupeze bwino, ndipo iwo anali atayeza nyumba yonse n'kupeza kuti dzuwa la masana limakomera nkhope yawo pamenepo. Mpando wawo unkakhala pa tepi imeneyo. Ukausuntha ndi chala chimodzi chokha ankadziwa.

Thileyi m'nyumbamo munalibe. Ndinagula yanga kuti ndizinyamulira chakudya, ndipo ndinaipeza m'bini. Nditafunsa, anandisimbira nkhani imene ndinadzaimvanso kambirimbiri, koma nthawi zonse ngati yatsopano, ataimirira, akusewera mbali zonse okha. Dzina lawo litayamba kumveka, kampani ina yaikulu ya azungu inawaitana ku California kuti akawayese. Anapita atavala diresi lawo labwino koposa. Kumeneko anawavula chipewa, anawamanga duku, anawapatsa thileyi ya makapu, n'kuwauza kuti awerame pamaso pa dona wachizungu amene wakhala pa sofa. Kamera anaikweza pamwamba, kumbuyo kwawo. Iwo anacheuka, anayang'ana kamera ija, anayang'ana dona uja, n'kuzindikira kuti dziko lonse lidzaona nkhope ya donayo, koma za iwo lidzaona duku ndi msana. Anatula thileyi pansi mwaulemu, osagwetsa kapu ndi imodzi yomwe, anatenga chipewa chawo n'kutuluka. Akafika apa ankayenda kudutsa pabalaza ndodo ili m'mwamba, ine ndili pambuyo manja ali tambasu kuopa kuti agwa.

Kunyada kumeneko kunali ndi mtengo wake, ndipo sankabisa. Patapita zaka zochepa mafilimu a anthu akuda aja anatha mphamvu, eni ake ena anamwalira, ena anasiya. Iwo anakwatiwa ndi bambo wina wogwira ntchito kufakitale ya magalimoto kuno ku South Bend, n'kukhala telala wosoka madiresi a ukwati mpaka maso atafooka. Mafilimu awo onse anatayika. Ena anapsa, ena anawola m'zitini. Chinatsala ndi chithunzi chimodzi pakhoma, iwo ali pa masitepe, dzanja lili m'chiuno. Tsiku lina ndinawafunsa ngati sizimawapweteka. Anati zimawapweteka tsiku lililonse, koma bola kutayika ali chiimire kusiyana ndi kusungidwa ali chiweramire. Ndinakalirira kubafa.

Tsopano apa ndi pamene Tadala akulowera. Mwana wangayu anabwera kuno ali wamng'ono, Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi. Akabwera kutchuthi ndinkapita naye kwa a Miss Odessa, ndipo awiriwa anagwirizana ngati anabadwa tsiku limodzi. Ankaonera limodzi TV atazimitsa mawu, n'kumaweruza osewera ndi maso okha. A Miss Odessa anamuphunzitsa kuyenda, kukhala, kuyang'ana munthu m'maso. Ine ndinkangosangalala, osadziwa kuti ndikuweta mlandu.

Tadala atayamba ntchito pachipatala china ku Indianapolis anapeza mnyamata wa kwathu, Yamikani. Tinakonza chinkhoswe mu holo ina ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis, ndipo amayi ake a mnyamatayo, a Nabanda, anakwera ndege koyamba m'moyo wawo kuchokera ku Dedza. Ankhoswe anagwirizana kuti pamwambopo mtsikana adzabwera ndi beseni ndi jagi, adzagwada, n'kusambitsa apongozi ake m'manja pamaso pa anthu onse. A Nabanda anali atamva kale mphekesera zoti atsikana okulira ku America ndi amwano, ndipo anauza mwana wawo poyera kuti akadzaona mwano tsiku limenelo, iwo adzabwerera kwawo osadalitsa kanthu. Yamikani ndi mwana mmodzi yekhayo mwa amayi ake. Aliyense ankadziwa kuti popanda mawu a mayiwo, ukwatiwo suyenda.

Kutatsala masiku ochepa, ndinamuimbira Tadala kuti tiyeserere.

"Mom, no," anatero. Kenako anandiuza kuti apongozi akewo adzawakumbatira, adzawaphikira, chilichonse, koma kugwada pamaso pa kamera, vidiyo n'kupita pa intaneti, ayi. Mkazi wakuda sagwada. Sindinafunse n'komwe kuti mawuwo wawatola kuti.

Ndinafika kwa a Miss Odessa ndili moto, ngakhale jekete sindinavule.

"Mwaona zimene mwachita?" ndinatero. "Mwana wanga ataya banja chifukwa cha thileyi yanu ya ku California!"

Iwo anamwetulira, ati mwanayo ndi wanzeru.

"Wanzeru? Inu mukuganiza kuti mayi anga anali kapolo? Mayi anga ankagwadira apongozi awo, ndipo apongoziwo ankatsika pampando n'kukhala nawo pansi. Kwathu amayi akuluakulu amagwadirana okhaokha akakumana. Palibe dona pamenepo! Inu munakana azungu, chabwino, ndimakunyadirani. Koma a Nabanda si mzungu. Ndi mayi wolima mbatata amene wawoloka nyanja kudzalandira mwana wanga."

Aka kanali koyamba kuwakwezera mawu. Iwo anatembenukira ku chithunzi chawo chija. Ndinkadikira kuti andithamangitse. M'malo mwake anafunsa funso limodzi lokha, loti kodi wojambulayo adzaima pati. Ndinati sindikudziwa, ndipo sindikuona kuti zikukhudzana bwanji. Anati ndiwasitire diresi lobiriwira, akupita nawo ku Indianapolis.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Ine ndikudraiva mtima uli m'mwamba, iwo ali pambali ndi magolovesi oyera, akuimba nyimbo zakalekale pakati pa minda ya chimanga, m'chikwama muli mankhwala, zopaka milomo ndi mpukutu wa tepi yomata. Titayandikira tauni anayamba kuloza uku ndi uku. Apa panali shopu ya bambo awo. Apo panali nyumba ya kanema imene anthu anawanyamulira m'mwamba filimu yawo itaonetsedwa. Ine ndinkangoona malo oimika magalimoto, koma iwo ankaona zonse.

Mu holo tinapeza amayi akukongoletsa. A Miss Odessa sanapereke moni wautali. Anayendera mazenera, anayang'ana magetsi, anauza anyamata kuti asunthe mpando wa a Nabanda kuchoka pakona pamdima kupita pamene kuwala kukugwera, kenako analoza pansi kuti ndimate tepi pamenepo. Wojambula wathu anali a Gondwe, nesi amene Loweruka amashuta maukwati a Amalawi, ndipo tsikulo anavala suti yatsopano yoyererako imene ankayenda nayo ngati dzira. Anaimika kamera yawo pa miyendo yake yaitali, kumbuyo kwa pamene mtsikana adzagwade. A Miss Odessa anayang'ana pamene kamerayo yaima.

Anakalowa m'chipinda chimene Tadala ankavalira, ine ndili pakhomo. Anamuuza kuti nkhani ya ku California anaimva theka. Iwo anagwadapo mufilimu, pamanda a mayi wa m'sewero, ndipo ataionetsa m'tchalitchi anthu onse analira, chifukwa nkhope yawo inkaoneka. Chimene anakana si bondo, koma kubisidwa nkhope. Anati iye achite zimene mtima wake ukufuna, koma akafika pa tepi aime kaye, adikire. Ine ndinatuluka osadziwa kuti mwanayu wasankha chiyani.

Mwambo unayenda bwino. Ankhoswe anasinthana nkhuku, anthu anavina, nthawi ija n'kukwana. Nyimbo inazima. Tadala anatulukira atavala chitenje, beseni ndi jagi zili m'manja, akuyenda mmene anaphunzitsidwira, chibwano chili m'mwamba. Anafika pa tepi, n'kuima. Anaimabe. Holo yonse inangoti zii. Ndinaona a Nabanda akukoka mpango wawo, milomo itamangika. Yamikani thukuta lili kamukamu. Ine ndinati basi, zatha, mwana wanga wandivula.

Kenako ndodo ija: gu!

"Iwe wa kamera! Ichotse pamenepo, bwera kutsogolo kuno!"

A Gondwe anacheuka kufuna kuona amene akunenedwa. A Miss Odessa anali atafika kale, atawakola mkono ndi khosi la ndodo. Anawakokera pambali pa mpando wa a Nabanda, kamera ili m'manja.

"Pansi!"

A Gondwe anawerama pang'ono. "Mayi, apa ndikujambula bwinobwino."

"Pansi, ndati!"

Anagwada, akukweza thalauzi kuti lisade. Ndodo inawagogoda paphewa. Anakhala pansi. Inawagogodanso. Abale, bambo wamkulu wa ana atatu, dikoni wa mpingo, anagona chafufumimba pa simenti ndi suti yake yoyera, kamera italoza m'mwamba! Wina kumbuyo analephera kupirira, anaphulika kuseka. A Miss Odessa anakweza golovesi, ndipo kunabwerera bata.

"Tsopano, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Awonetse nkhope."

Tadala anayang'ana a Gondwe ali pansi, anayang'ana apongozi ake, ndipo ndinaona milomo yake ikunjenjemera, kuseka ndi kulira zikulimbana. Anatsika pang'onopang'ono, msana uli chilili, mpaka mawondo onse pansi. Anakweza jagi, n'kunena m'Chichewa chake chopindika, chimene sindinamumvepo akulankhula pagulu, kuti, "Sambani m'manja, amayi."

A Nabanda sanamvepo liwu ndi limodzi la Chingerezi chonse chija. Iwo anangoona kuti agogo a Chimereka agwetsa mwamuna pansi pofuna kulemekeza mpongozi wawo. Anatsetsereka pampando, n'kugwada nawonso, maso ndi maso ndi mwana wanga, anasamba m'manja, kenako anamugwira masaya ndi manja onyowawo. Nthungululu zimene zinalira pamenepo, ndikukhulupirira kuti zinamveka mpaka kumsewu waukulu. Ine ndinavina ndi nsapato imodzi, inayo sindikudziwa kuti inathawira kuti.

A Gondwe atadzuka, akupukuta suti, anadandaula kuti poyamba chithunzi chinagwedera, bwanji abwerezenso kuti ashute bwino. A Miss Odessa anawayang'ana ngati atukwana m'tchalitchi. Anati kamodzi basi, n'kupempha kuti wina awapatse mpando ndi nyama ya nkhuku.

Madzulo ake a Nabanda anakhala nawo limodzi, wina Chichewa, wina Chingerezi, akusekana ngati akumvana. Pobwerera kwawo anawasiyira chitenje. A Miss Odessa anati nsaluyo ndi yabwino koma yofuna telala, n'kuifunda pamiyendo mpaka tsiku lawo lomaliza.

Anamwalira nyengo yozizira yotsatira, masana, ali pampando wawo, milomo itapakidwa. Kumaliro kunabwera Amalawi ambiri kuposa abale awo. A Gondwe anavala suti yomwe ija.

Vidiyo ija ndi yokhayo padziko lapansi imene muli a Miss Odessa, ndipo nkhope yawo simo. Chithunzi chimagwedera, chimatsika, chimatsikanso, pakona pamaoneka nsonga ya ndodo ndi chala cha golovesi yoyera, ndipo mawu awo amamveka akulamula. Kenako chinsalu chonse chimadzaza ndi nkhope ya mwana wanga, yaikulu, yowala, ikuyang'ana kutsogolo. Tadala amati akadzabereka mwana wamkazi adzamuonetsa imeneyi asanayambe n'kuyenda komwe.

Dzulo ndinadutsa kunyumba kwawo kuja. Mwana wa mchimwene wawo anachotsa katundu yense, ndipo pakapinga pali chikwangwani choti ikugulitsidwa. Ndinasuzumira pazenera la kumadzulo. Mpando palibe, chithunzi palibe, makoma anapakidwa penti yatsopano. Koma okolopa anaiwala chinthu chimodzi. Tepi ija ikadali pansi, yopingasa, m'mbali mwake mutayamba kumatuka, ndipo dzuwa la masana linali litafika ndendende pamenepo. Ndinaima panjapo mpaka linasuntha. Pobwerera kugalimoto ndinazindikira kuti ndawongola mapewa.